Mwana wanga akufuna kuphunzira kuyendetsa boti la thanga: ndimulole?

Funso: "Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndakhala ku Germiston zaka 9. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 wabwera ndi kalata yochokera kusukulu yonena kuti kalabu ya maboti a matanga ya pa damu lina kufupi ndi kwathu ikutsegulira nyengo yatsopano kumapeto kwa Sepitembala, ndipo ikuitana ana kuti akayesere kwaulere. Mwanayu sakugona nazo tulo, koma ine mtima uli m'mwamba chifukwa mlongo wanga anamira pa nyanja bwato lawo litatembenuzika ndi mwera. Mwanayu amasambira pang'ono chabe. Ndimamvanso kuti masewerawa ndi a anthu olemera. Kodi ndimulole, ndipo ndikakapita ndikayang'ane chiyani?" Mayi wa ku Germiston

Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya alongo anu. Aliyense amene anakulira m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti mwera ukalusa amayi amachezera kugombe usiku wonse, choncho mantha anuwo ndi a munthu amene madzi anamulanda wake, ndipo palibe amene ayenera kuwapeputsa. Ine ndinakulira ku Senga Bay, ndipo kuno ku Gauteng ndakhala ndikuphunzitsa ana kuyendetsa maboti a matanga kwa zaka zambiri. Yankho langa ndi lakuti mwanayo muloleni, koma pa tsiku lotsegulira nyengolo mupite naye inu eni, osangomutumiza ndi makolo a mnzake, chifukwa pali zinthu zimene muyenera kukaziona ndi maso anu musanasaine fomu iliyonse. Ndikuuziretuni pachiyambi pomwe pano kuti zoopsa za pa madamu a kuno n'zosiyana ndi zimene mtima wanu ukuopa. Kholo lochokera kunyanja limafika pagombe n'kumayang'ana mafunde, pamene ngozi yaikulu ya ku Johannesburg imachokera kumitambo.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 500, ndipo mwera umaomba motsata utali wonsewo, ndiye mafunde amakhala ndi mtunda wokwanira kuti akule mpaka kumeza bwato. Msodzi amakhala kutali ndi mtunda, nthawi zambiri usiku, wopanda jekete yoyandamitsa, ndipo palibe boti la injini limene likumulondera. Madamu amene makalabu a m'tauni muno amagwiritsa ntchito, monga Victoria Lake ku Germiston kwanuko, Homestead Dam ku Benoni ndi damu la Emmarentia pafupi ndi Johannesburg Botanical Garden, ndi ang'onoang'ono moti munthu akaima pagombe amaona boti lililonse limene lili pamadzi, ndipo mphepo ilibe mtunda wokuzira mafunde. Limene limafanako ndi nyanja ndi Vaal Dam, kumene kumachitikira mipikisano ikuluikulu monga wozungulira chilumba umene imakonza Lake Deneys Yacht Club ku Deneysville, koma mwana amene wangoyamba kumene satengeredwa kumeneko.

Boti limene mwana wanu adzakwere mosakayikira lidzakhala la mtundu wa Optimist, limene anakonza Clark Mills ku America mu 1947 n'cholinga choti ana azikhala ndi boti lotsika mtengo. Ndi lalitali mamita 2.3, limalemera pafupifupi makilogalamu 35, lili ndi thanga limodzi, ndipo mkati mwake amamangiriramo matumba atatu a mpweya amene amalichititsa kuti lisamire ngakhale litadzaza madzi. Apa ndiye pali kusiyana kumene ndikufuna kuti mukumvetse bwino. Kunyanja bwato likatembenuzika ndiye kuti tsoka lagwa, pamene ku kalabu kutembenuza boti ndi phunziro limene timaphunzitsa dala, kawirikawiri m'masabata oyambirira, pafupi ndi gombe, mphunzitsi ali pambali. Mwana amaphunzira kusambira n'kuzungulira boti, kugwira thabwa limene limatulukira kunsi kwa botilo, kulikoka ndi kulemera kwa thupi lake mpaka botilo litadzuka, kukwerera kumbuyo, ndi kukapa madzi ndi chigubu chodula chimene chimakhala chomangirira m'botimo. Lamulo limene timalibwereza mpaka ana kutopa nalo ndi lakuti boti silisiyidwa. Mwana amene wagwira boti lake amayandama ndipo amaoneka patali, koma amene waganiza zosambira kupita kumtunda amatopa panjira, ndipo kamutu kake n'kovuta kukaona pamadzi.

Pa nkhani ya kusambira ndikhale wosabisa mawu. Sitifuna katswiri, koma mwana ayenera kutha kugwera m'madzi opitirira msinkhu wake osachita phuma, kuyandama atavala jekete, kumiza nkhope ndi kusambira kamtunda kochepa. Ngati mawu anu akuti "pang'ono chabe" akutanthauza kuti amangosewera pamene mapazi akuponda pansi, mukauze mphunzitsi zimenezo momveka bwino, ndipo nthawi yomweyo mumuyambitse maphunziro osambira, popeza maiwe osambiramo a khonsolo amatsegulidwa nyengo yotentha ikamayamba. Makolo ena amabisa zimenezi poopa kuti mwana akanidwa, koma mphunzitsi akadziwa amangomuika mwanayo m'boti limodzi ndi wamkulu kapena kumuyendetsa pafupi ndi boti lopulumutsira anthu.

Jekete zoyandamitsa zilipo za mitundu iwiri imene mudzaione, ndipo mphamvu yake imalembedwa mkati. Yolembedwa 50N ndi yopepuka, imapatsa manja ufulu, ndipo ndi imene amavala ana odziwa kusambira pamadzi odekha pamene thandizo lili pafupi. Yolembedwa 100N kapena kuposerapo imakhala ndi kolala imene imathandiza kuti nkhope ikhale pamwamba pa madzi, ndipo mwana wanu ayambe ndi imeneyi. Chofunika kuposa nambala ndi kukwana kwake. Mukamuveka n'kumanga malamba onse, igwireni m'mapewa n'kukokera m'mwamba, ndipo ikakwera mpaka m'makutu ndiye kuti yakula, m'madzi idzamuvuka. Chizolowezi chathu chogulira mwana chovala chokulirapo kuti akule nacho pano chisagwire ntchito.

Tsopano ndifike pa chimene chimandisowetsa tulo ine. Johannesburg ili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,750, ndipo dera lonseli la Highveld ndi limodzi mwa madera amene mphezi zimagwa kwambiri mu South Africa. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, nthawi yomweyo imene makalabu amakhala pakalikiliki, tsiku limayamba ndi dzuwa lowala bwino, mitambo yoyera imaunjikana chakumasana, ndipo pofika madzulo kumada bii n'kugwa mvula yamabingu, nthawi zina ya matalala. Pamadzi athyathyathya chinthu chachitali kuposa zonse ndi mlongoti wa boti, umene ndi wachitsulo, ndipo pansi pake pakhala mwana wonyowa. Akuluakulu anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma mwambi umenewu ine ndimausiya pageti la kalabu, chifukwa mphunzitsi amene saopa kung'anima sayenera kupatsidwa ana a eni ake.

Pali kawerengedwe kophweka kamene inunso mungachite muli pagombe. Mukaona kung'anima yambani kuwerenga masekondi mpaka mutamva bingu, ndipo masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Mukawerenga masekondi 30 kapena ochepera pamenepo, mphezi ili mkati mwa makilomita 10, ndipo aliyense ayenera kukhala atabisala kale. Akabisala adikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza asanatulukenso. Komabe mphunzitsi wa ana sayenera kudikira kuti afike pa masekondi 30 amenewo, chifukwa kutulutsa ana khumi ndi timaboti tawo pamadzi kumatenga nthawi, makamaka mphepo ikayamba yaleka, monga imachitira kawirikawiri mvula yamkuntho isanafike. Phunziro limeneli ndinaliphunzira movutikira. Chaka china, pa damu lina la kuno, ndinaona mtambo wakuda koma ndinati ana amalize kaye kuzungulira kamodzi. Mphepo inazima, timaboti tinangoti njo pakati pa damu, kenako inabwera yamphamvu kuchokera mbali ina n'kutembenuza maboti anayi nthawi imodzi, matalala ali wawawa. Ana onse tinawatulutsa bwinobwino, koma kuyambira tsiku limenelo ndikangomva bingu loyamba, ngakhale lakutali, ndimaimba wezulo n'kuyamba kukoka maboti. Pobisala pake ndi m'nyumba ya makoma kapena m'galimoto yotseka mawindo, osati pansi pa mtengo kapena m'chisakasa chowotcheramo nyama. Kalabu yanzeru imaika maphunziro a ana m'mawa, ndipo imayang'ana machenjezo a South African Weather Service tsiku lisanayambe. Mukafunse kuti ndani ali ndi mphamvu yoimitsa zonse kukada, ndipo akakuyankhani mozengereza kapena moseka, limenelo likhale chenjezo kwa inu.

Choopsa chachiwiri n'cha nthawi yeniyeni imene mukufunsayi, chiyambi cha nyengo. Kumapeto kwa Sepitembala dzuwa limatentha ndithu, koma madzi amachedwa kufunda kusiyana ndi mpweya, ndiye damu limakhala lidakali ndi chisanu cha Juni ndi Julayi. Ife amene tinakulira m'madzi ofunda a kwathu sitidziwa mmene madzi ozizira amachitira thupi. Munthu akagweramo mwadzidzidzi amakoka mpweya mosafuna n'kuyamba kupuma mofulumira kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo, ndipo ngati nkhope ili m'madzi pa nthawiyo amamwa madzi. N'chifukwa chake timauza ana kuti akagwa asalimbane ndi madzi, angogwira boti n'kudikira kuti kupuma kubwerere m'malo. Akatuluka, mphepo ikamaomba pa zovala zonyowa ndi pamene amazizidwa zenizeni. Musamuveke jinzi kapena juzi ya thonje, chifukwa zimamwa madzi, zimalemera ndipo siziuma msanga. Zovala zamasewera zimene zimauma mwachangu, kajekete kotchinga mphepo pamwamba ndi nsapato zakale zotseka zala n'zokwanira poyamba, ndipo ngati kalabu ili ndi ma wetsuit obwereketsa, zovala zothina zosunga kutentha kwa thupi m'madzi, m'masabata oyambirirawa abwereke.

Mphepo ya kuno nayo ili ndi khalidwe lakelake. Ogasiti ndi Sepitembala ndi miyezi ya mphepo, koma pa damu lozunguliridwa ndi mitengo ndi nyumba siomba mowongoka monga mwera kapena mpoto, imabwera modukizadukiza ndipo imasintha kolowera. Mpweya wa pamtunda wokwera chonchi ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa ku Durban, motero mphepo ya liwiro lofanana imakankha thanga mofookerapo, zimene zimawakomera ongoyamba. Vuto ndi kusinthasinthako. Kunsi kwa thanga kumakhala mtengo wopingasa umene amautcha boom, ndipo mphepo ikasintha mbali mtengowu umadutsa mwamphamvu pamwamba pa boti. Pafupifupi mwana aliyense amagundidwa nawo pamutu kamodzi asanaphunzire kuwerama, ndipo makalabu ena amaveka ongoyamba zipewa zolimba. Dzuwa musaliiwale poganiza kuti khungu lathu lakuda silipsa, chifukwa pamtunda wokwera limaotcha kwambiri ndiponso limanyezimira kuchokera pamadzi. Chipewa chokhala ndi kachingwe, mafuta oteteza khungu ndi botolo la madzi akumwa zisasowe.

Za ukhondo wa madzi ndinene mwachidule. Madamu a m'tauni amalandira madzi a m'misewu, ndipo mvula ikagwa yambiri kapena mapaipi a zonyansa akaphulika kumtunda, madziwo amaipa kwa masiku angapo. Ena amavutika ndi ndere zobiriwira, ndipo Hartbeespoort Dam imadziwika ndi namasupuni yemwe uja timamuona mu mtsinje wa Shire. Mukafunse ngati kalabu imayezetsa madzi ake, ndiponso ngati imaimitsa phunziro lotembenuza boti madzi akaipa. Mwana asambe ndi sopo akatuluka, ndipo bala lililonse likhale lomata.

Chifukwa chimene ndikulimbikira kuti mupite pa tsiku lotsegulira n'chakuti chiyambi cha nyengo chimaulula khalidwe la kalabu kuposa nthawi ina iliyonse. Maboti amakhala atagona pa tingolo tawo miyezi yonse yozizira. Dzuwa limafumbutsa zingwe, makoswe amaboola matanga ndi matumba a mpweya, matalala a chilimwe chapita amasiya ming'alu imene palibe anaiona, ndipo injini ya boti lopulumutsira anthu imakhala ndi petulo wakale amene amaichititsa kukana kulira pa nthawi imene ikufunika. Kalabu yolongosoka imaitana mamembala ake kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti adzagwire ntchito limodzi: kutchetcha udzu, kutsuka potsetserekera maboti kuti pasaterere, kupopa matumba a mpweya n'kuwasiya usiku kuti aone ngati akuphwa, kusintha zingwe ndi kuyesa injini pamadzi. Tsiku lotsegulira lenilenilo m'makalabu ambiri limakhala ndi mwambo wakale, pamene maboti onse amadutsa pamzere kupereka ulemu kwa wapampando wa kalabu, amene amamutcha commodore, kenako kumakhala kampikisano kocheza ndi kuwotcha nyama. Mwambowo ndi wosangalatsa kuonerera, koma inu maso anu akhale pa zina.

Muone ngati boti lopulumutsira anthu lalowa m'madzi ndipo injini yake ikulira mwana woyamba asanakwere boti lake. Muone ngati woliyendetsa wamangirira kumwendo kachingwe kofiira kamene kamazimitsa injini iye akagwera m'madzi, chifukwa boti la injini loyenda lokha pakati pa ana osambira ndi loopsa kuposa mphepo iliyonse. Malamulo a SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha pamadzi m'dziko lino, amafuna kuti woyendetsa boti la injini ya mphamvu yoposa 15 hp akhale ndi chiphaso, ndipo mukafunsa za chiphasocho simunalakwe. Mwana wanu safunika chiphaso chilichonse, popeza pa maboti a matanga chimafunika boti likakhala lalitali mamita 9 kapena kuposerapo. Muwerenge ana amene mphunzitsi mmodzi akuwayang'anira. Ine sindilola kuti ongoyamba apitirire 6 kwa mphunzitsi mmodzi ndi boti lake. Muone ngati pali buku kapena bolodi lolembapo mwana aliyense amene walowa m'madzi ndi kumuchonga akatuluka, ndiponso ngati akuluakulu nawo avala majekete, pakuti ana amatengera zimene akuona. Mufunsenso kuti ndani amakhala ndi ana kumalo osinthira zovala, ndiponso ngati mbiri ya aphunzitsi inafufuzidwa asanapatsidwe ana. Safunsa anadya phula, ndipo kalabu yabwino imakondwera ndi kholo lofunsa mafunso otere. Fomu imene adzakupatseni yonena kuti mukuvomereza kuti masewerawa ali ndi ngozi zake muiwerenge modekha, ndipo mulembepo matenda alionse amene mwana ali nawo ndi nambala ya foni imene mumayankha.

Kuyamba pamodzi ndi anzake kumathandizanso mwana mwiniyo. Magulu a ongoyamba amakhazikitsidwa nyengo ikamatsegulidwa, onse amalakwitsa limodzi n'kusekana, pamene wobwera mu Januwale amapeza anzake akuzungulira kale zizindikiro zoyandama pamadzi n'kumadziona wotsalira. M'nyengo yoyamba adzaphunzira kudziwa kumene mphepo ikuchokera, kugwira tsigiro ndi dzanja limodzi ndi chingwe cha thanga ndi linalo, kumanga mfundo zingapo, ndi chinthu chimene chimadabwitsa anthu akwathu, kuyenda molowera kumene mphepo ikuchokera. Kunyanja asodzi ambiri amakweza thanga mphepo ikakhala kumbuyo, ikatembenuka amagwira nkhafi. Maboti awa ali ndi thabwa lija lolowa pansi limene limaletsa boti kutsetserekera cham'mbali, ndiye limatha kuyenda mopendeka ndi madigiri pafupifupi 45 kuchokera kumene mphepo ikuchokera, n'kumakhotakhota uku ndi uku mpaka kukafika kumene likufuna. Mwana wa zaka 11 ali ndi nyengo zingapo mu Optimist, popeza mpikisano wa botili umalola ana mpaka zaka 15. Akakula amasamukira ku Dabchick, boti la achinyamata limene anakonza Jack Köper ku Cape Town m'zaka za m'ma 1950, kapena ku ILCA, limene ambiri amalitchabe Laser. Palinso boti la mtundu wa Mirror, la matanga ofiira, limene amakwera anthu awiri, nthawi zambiri kholo ndi mwana.

Pa ndalama malangizo anga ndi amodzi ndipo ndimawapereka kwa kholo lililonse: musagule boti m'nyengo yoyamba, ngakhale mwana alire bwanji, ngakhale wina akuuzeni kuti akugulitsa motchipa. Makalabu ophunzitsa ana amakhala ndi maboti awo ndi majekete awo, ndipo ndaona makolo angapo atagula boti mu Okutobala n'kumalisakira wogula mu Febuluwale mwana atabwerera ku mpira. Zimene mudzalipire ndi umembala wa pachaka, umene kwa mwana umakhala wotsikirapo kusiyana ndi wa banja lonse, ndalama ya maphunziro, ndiponso kandalama kolembetsera ku South African Sailing, bungwe loyendetsa masewerawa m'dziko lino. Mupemphe kuti akulembereni zonse papepala limodzi kuti pasadzatuluke zina pambuyo pake. Mufunse msungichuma pambali ngati amalola kulipira pang'onopang'ono, ndiponso ngati pali thandizo la ana ochokera m'mabanja opeza movutikira. Popeza kalatayo yadzera kusukulu, n'kutheka kuti kalabuyo ikufunafuna ana atsopano, ndipo ikatero imakhala yokonzeka kukambirana. Ndalama zimayamba kutuluka zenizeni mwana akafika popita ku mipikisano ya kutali, kumene kumafunika thiransipoti, malo ogona ndi thanga latsopano, koma zimenezo zili patsogolo ndipo si ana onse amene amazifuna.

Makalabu amenewa amayendetsedwa ndi mamembala ongodzipereka, ndipo chimene chimasowa kawirikawiri ndi manja. Kholo limene limathandiza kukhitchini, kulemba mayina a ana, kukweza mbendera za mpikisano kapena kukokera timaboti kumtunda limadziwika msanga, ndipo mwana wake sasowa womutenga pagalimoto tsiku limene inu muli kuntchito. Zoti masewerawa akhala a azungu ndi anthu opeza bwino n'zoona, ndipo mwina pa tsikulo mudzapeza kuti anthu akuda ndinu ochepa. Makalabu ena amalandira alendo ndi manja awiri, ena amangokuyang'anani, ndipo mukaona kuti mwana wanu akusalidwa musakakamire, chifukwa makalabu alipo angapo ndipo mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mumuuze mwana wanu za Asenathi Jim, amene anakulira ku Red Hill, dera la anthu osauka pafupi ndi Simon's Town, n'kuphunzira pa sukulu ya maboti ya Izivunguvungu, ndipo anaimira South Africa pa masewera a Olympics ku London mu 2012 ndi ku Rio de Janeiro mu 2016, pa boti la mtundu wa 470 pamodzi ndi Roger Hudson.

Pali nthawi zina zimene malangizo a mphunzitsi sakwanira. Ngati mwana ali ndi khunyu, mphumu, vuto la mtima kapena khutu lotuluka mafinya, muonane ndi dokotala asanayambe, ndipo mankhwala ake opopera a mphumu azikhala ndi mphunzitsi m'boti, osati m'chikwama kumtunda. Akagundidwa ndi boom n'kukomoka ngakhale kwa kanthawi kochepa, kapena akayamba kusanza, kuwodzera modabwitsa, kusokonezeka kapena kudandaula mutu umene ukukulirakulira, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akamwa madzi n'kumatsokomola osaleka, kupuma movutikira kapena kumva kuwawa pachifuwa, ngakhale patapita maola angapo, musadikire kuti kuche. Wozizidwa mumuvule zonyowa, mumufunditse bulangete ndi kumupatsa chakumwa chofunda, koma akayamba kuyankhula mosamveka kapena kuleka kunjenjemera ali wofooka, muitane ambulansi pa 112 kapena 10177. Kutsegula m'mimba kosaleka, malungo a thupi kapena mkodzo wa magazi pambuyo posewera m'madzi zimafunika kuchipatala, ndipo mukawauze madokotala kuti mwanayo amalowa m'damu. Munthu amene waombedwa ndi mphezi sakhala ndi magetsi m'thupi, choncho agwiridwe ndi kuthandizidwa kupuma nthawi yomweyo.

Inunso, mayi, musadziiwale. Kuona boti la mwana wanu likutembenuzika koyamba kukhoza kudzutsa zonse za tsiku limene munataya alongo anu, ndipo mantha amenewo akafika pokulepheretsani kugona, kambani ndi abusa anu kapena mlangizi wa kuchipatala. Muuzeni mphunzitsi mbiri imeneyi mwana asakumva, ndipo mupemphe kuti akudziwitseni tsiku la phunziro lotembenuza boti kuti lisakudzidzimutseni. Ine makolo otere ndimawaveka jekete n'kuwakweza m'boti langa la injini, kuti aonere pafupi mmene mwana akudzutsira boti lake yekha, ndipo aphunzitsi ambiri amavomera akapemphedwa. Pa tsiku lotsegulira nyengolo mufike m'mawa maboti asanalowe m'madzi, mutanyamula zovala zouma zosinthira, thaulo, juzi yofunda ndi tiyi m'fulasiki, pakuti adzatuluka m'madzimo akunjenjemera ndiponso ali ndi njala.